Chimene Fakitale Imafuna kwa Boma

M'chaka cha 2021, munthu wodutsa pafupi ndi bwalo la mpikisano wa galimoto lotchedwa Kentucky Speedway, m'dziko la America, ankaona chinthu chimene maso sanazolowere: magalimoto atsopano a kampani ya Ford, zikwi zingapo, atangoti ndandanda pabwalo lonselo, utoto uli waliwali, matayala ali m'malo mwake, injini zili m'kati, koma palibe ndi imodzi yomwe yoti n'kugulitsidwa, pakuti m'thupi mwa galimoto iliyonse munasowa kanthu kosaposa chikhadabo kukula kwake, kamene amisiri amakatcha kachipi. Kanthu kameneka n'kachidutswa ka silikoni kolembedwa timizere tambirimbiri todutsamo magetsi, ndipo ndiko kamauza injini nthawi yomwa mafuta, kamauza mabuleki nthawi yogwira, monganso kamagwirira ntchito m'foni ili m'thumba mwanu. Galimoto ya masiku ano imakhala nato mazanamazana, ina kupitirira 1,000. Zinali ngati telala wa pakhonde la sitolo amene ali ndi makina, nsalu, ulusi ndi anthu oyembekeza zovala zawo, koma singano yathyoka ndipo m'mudzi monse mulibe ina.

Kusowa kumeneku sikunadze ndi chifukwa chimodzi. Mliri wa Covid-19 utabuka kumayambiriro a 2020, opanga magalimoto, poganiza kuti anthu aleka kugula, anachepetsa maoda awo a tichipi. Ndipo opanga tichipiwo, posafuna kuti makina awo akhale chigonere, anatembenukira kwa opanga makompyuta ndi mafoni, amene malonda awo anakwera chifukwa anthu ankagwira ntchito ndi kuphunzira ali kunyumba. Pamene a magalimoto anabwerera kudzagula anapeza malo awo atatengedwa. Kenaka mavuto anangotsatana. Mu Febuluwale 2021 chisanu choopsa chinathimitsa magetsi ku Texas, mafakitale a Samsung, NXP ndi Infineon mumzinda wa Austin naima. Mu Malichi moto unaononga fakitale ya Renesas ku Japan. M'mwezi womwewo chombo chachikulu cha Ever Given chinapingasa mumfuleni wa Suez masiku asanu ndi limodzi. Ndipo ku Taiwan, kumene kumachokera tichipi tapamwamba koposa, kunagwa chilala choti madzi ankapita ku mafakitale ena pa magalimoto.

Koma muzu wa nkhaniyi ndi wakale kuposa mliriwo. Mu 1990 dziko la America linkapanga tichipi 37 pa 100 tiliponse ta dziko lapansi. Pofika 2020 linkapanga 12 tokha. Mu 1979 anthu ogwira ntchito m'mafakitale a dzikolo ankapitirira 19 miliyoni, pamene lero safika bwinobwino pa 13 miliyoni, ndipo pakati pa 2000 ndi 2010 pokha ntchito zoposa 5 miliyoni zinatha. Eni makampani anaona kuti kupangira katundu ku Asia n'kotsika mtengo, naonanso kuti kusunga zipangizo zambiri m'nyumba zosungiramo katundu n'kumanga ndalama pachabe, kotero anatsata njira imene inatchuka ndi kampani ya Toyota, yakuti chipangizo chizifika pafakitale nthawi yokhayo imene chikufunika. Njirayi ndi yabwino m'zaka za mtendere, ndipo inatsitsadi mitengo ya zinthu zambiri zimene ngakhale ife timagula. Koma nzeru imene Yosefe anapatsa Farao, yosunga m'zaka za dzinthu poyembekeza zaka za njala, inalibe malo m'mabuku awo a ndalama, ndipo njala itafika anapezeka alibe nkhokwe.

Tiyenera kumvetsa kutalika kwa unyolo umene kachipi kamodzi kamadzera, chifukwa popanda kutero zonse zotsatira sizimveka. Makina olemba timizere tating'ono koposa pa silikoni amapangidwa ndi kampani imodzi yokha pa dziko lonse, ASML, ya mumzinda wa Veldhoven ku Netherlands. Mpweya wa neon wogwiritsidwa ntchito m'makina ena olembera unkachokera, pafupifupi theka lake, ku makampani awiri a ku Ukraine, ina ku Mariupol ina ku Odesa, ndipo onse anaima nkhondo itayamba mu 2022. Mwala woyera kwambiri umene amaumbira mbiya zosungunuliramo silikoni umakumbidwa makamaka pa kamzinda ka Spruce Pine ku North Carolina, kumene namondwe wa Helene anaimitsa migodi mu Sepitembala 2024. Pamwamba pa zonsezi pali kampani ya TSMC, imene Morris Chang anayambitsa ku Taiwan mu 1987, yomwe imapangira tichipi makampani otchuka monga Apple ndi Nvidia, ili pachilumba chimene dziko la China limati n'chake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe dziko, ngakhale lolemera chotani, limene lingagwire mphete zonse za unyolo umenewu m'dzanja lake. Chimene boma lanzeru lingachite ndi kuzindikira mphete zimene zikaduka zonse zimaima, n'kuzilimbitsa kusanapse.

Ndi maganizo amenewa boma lalikulu la ku Washington linakhazikitsa lamulo la CHIPS and Science Act, limene Pulezidenti Joe Biden anasainira pa 9 Ogasiti 2022, lopatula madola 52.7 biliyoni, mwa amene 39 biliyoni anali othandizira kumanga mafakitale, pamodzi ndi kuchotsera makampani msonkho pa ndalama zomangira. Koma America ndi dziko la zigawo 50, chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi misonkho yake. Ndipo malo omangapo, madzi, misewu, sukulu za amisiri ndi zilolezo zambiri zili m'manja mwa zigawozi ndi mizinda yake, osati mwa a ku Washington. Lamulolo linanenanso kuti kampani yopempha thandizo iyenera kusonyeza kuti chigawo kapena mzinda walonjeza kuikapo dzanja. Pamenepa m'pamene pagona funso limene ndafuna kuti tilingalire: pamene thumba la boma lili ndi polekezera, kodi ndalama yoyamba ipite kuti?

Yankho lofulumira, limenenso limakoma m'makutu pa nthawi ya chisankho, ndi lakuti ipite kwa mwini fakitale, kuti asankhe kwathu asapite kwa anzathu. Chigawo cha Wisconsin chinayesa njira imeneyi pamaso pa dziko lonse. Mu Julayi 2017 kunalengezedwa kuti kampani ya Foxconn, ya ku Taiwan, idzaika madola 10 biliyoni pomanga fakitale ya magalasi akuluakulu a wailesi za kanema m'chigawochi, imene pambuyo pake inapatsidwa malo pa mudzi wa Mount Pleasant, nidzalemba anthu ofika 13,000. Ndipo boma la Bwanamkubwa Scott Walker linalonjeza madola pafupifupi 3 biliyoni, mphatso imene inalibe inzake mwa zimene chigawo china chilichonse chinapatsapo kampani yakunja. Minda inagulidwa, mabanja anasamutsidwa pa malo amene anakhalapo zaka zambiri, nyumba zawo zinagwetsedwa, misewu inakuzidwa, mipope ya madzi inayalidwa, ndipo maboma a m'deralo anakongola ndalama zochuluka kuti zonse zikhale zokonzeka. Mu Juni 2018 Pulezidenti Donald Trump anadza yekha kudzakumba dothi loyamba.

Fakitale yolonjezedwayo sinamangidwe. Kampani inaona kuti kupangira magalasi oterowo ku America sikungapindule, chifukwa china chinali chakuti wopanga galasi lenilenilo ankafunika kumanga fakitale yake pambali pomwepo, ndipo nayenso ankafuna thandizo lake. Mu Epulo 2021, pansi pa bwanamkubwa watsopano Tony Evers, pangano linalembedwanso: madola 672 miliyoni m'malo mwa 10 biliyoni, ntchito 1,454 m'malo mwa 13,000, ndipo thandizo la chigawo linatsikira pa madola 80 miliyoni. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chinthu chimodzi chinapulumutsa okhoma msonkho a ku Wisconsin, ndipo n'choyenera kuchisunga mumtima: gawo lalikulu la mphatsoyo linamangidwa ku chiwerengero cha anthu olembedwadi ntchito, kotero kuti kampani italephera kufika pa chiwerengerocho, chigawo chinakana kulipira. Koma njira yoteteza yotereyi sinabwezere munthu aliyense nyumba yake. Mtima wanga umawawa ndi mabanja amenewo kuposa ndi ndalama, pakuti iwo sanakhale nawo pa gome pamene pangano linkalembedwa, komatu ndiwo anapereka chinthu chosabwezeka. Pambuyo pake, mu 2023, kampani ya Microsoft inagula gawo la malowo kuti imangepo nyumba zosungiramo makompyuta akuluakulu, ndipo chimene chinaikoka chinali malo okonzedwa kale, okhala ndi misewu, madzi ndi magetsi.

Katswiri wa zachuma Timothy Bartik, wa ku Upjohn Institute ku Michigan, ataunika kafukufuku wambiri pa nkhani ya mphatso zoterezi, anapeza kuti zimasinthadi maganizo a kampani pa milandu yapakati pa 2 ndi 25 pa 100 iliyonse. Pa yotsalayo kampani ikanamanga pomwepo ngakhale popanda mphatso. Choipitsitsa n'chakuti zigawo zoyandikana zimayamba kulandana mafakitale omwe alipo kale. Mzinda wa Kansas City uli pamalire a Kansas ndi Missouri, ndipo kwa zaka zambiri kampani inkangosamuka kuwoloka msewu, n'kulandira mphatso ngati yabweretsa ntchito zatsopano, kufikira mu 2019 pamene zigawo ziwirizo zinapangana kuleka.

Sindikunena kuti boma lisaperekeko kanthu, pakuti mlendo amene anzako onse akumuitana sangalowe m'nyumba yopanda mpando. Ndikunena kuti mphatso imapindula pokhapo ikagwera pa nthaka yolimidwa kale, ndipo umboni wake uli ku South Carolina. Chigawo chimenechi chinali cha mafakitale a nsalu, anthu ake ambiri osauka ndi osaphunzira kwenikweni, pamene mu 1961 Bwanamkubwa Ernest Hollings anayambitsa makoleji a ntchito zaumisiri m'madera onse, pamodzi ndi dongosolo lakuti kampani yatsopano ikadza, boma liziphunzitsa antchito ake monga mwa zosowa za kampaniyo popanda kuilipiritsa. Patapita zaka 31, mu 1992, kampani ya BMW ya ku Germany inasankha dera la Spartanburg, ndipo ngakhale nayo inalandira mphatso zake, inapeza anthu ozolowera makina, makoleji okonzeka, msewu waukulu, bwalo la ndege, ndi doko lakuya la Charleston. Fakitale inayamba ntchito mu 1994, pa nthawi imene mafakitale a nsalu ankatsekedwa imodziimodzi. Lero imalemba anthu oposa 11,000, ndi yaikulu kuposa mafakitale ena onse a BMW pa dziko lapansi, ndipo yakoka makampani ambiri opanga mipando, zitsulo ndi zipangizo zina kudzamanga pafupi nayo. Mu 2013 chigawocho chinatsegula doko lakumtunda pa Greer, kumene makontena amakwezedwa pa sitima ya panjanji madzulo n'kufika ku Charleston m'mawa. Hollings anabzala mtengo umene mthunzi wake anakhalamo ndi ena, ndipo ulamuliro wotere ndiwo umasowa, chifukwa wofuna voti amakonda kudula riboni kuposa kumanga kalasi.

Ku Arizona, kumene TSMC inalengeza mu Meyi 2020 kuti idzamanga fakitale ya madola 12 biliyoni, ndalama zimene zinakwera kufika 65 biliyoni mu 2024 ndi 165 biliyoni mu Malichi 2025, nkhani yake ili ndi mbali zonse ziwiri. Kampaniyi sinasankhe chipululu chimenechi mwangozi: Motorola inafika ku Phoenix mu 1949, Intel yakhala ikupanga tichipi ku Chandler kuyambira 1980, ndipo yunivesite ya Arizona State imatulutsa mainjiniya ambiri chaka ndi chaka. Mzinda wa Phoenix, m'malo mopereka ndalama m'manja mwa kampani, unavomereza madola 205 miliyoni omangira misewu, mipope ya madzi akumwa ndi ya madzi oipa, zinthu zimene zidzatumikira mzindawo ngakhale kampani itachoka. Uku ndiko kuika ndalama pamalo pake. Komabe walira mvula walira matope. Fakitale ya tichipi imamwa madzi mamiliyoni a malita tsiku lililonse, madzi oyeretsedwa kuposa akumwa, ndipo imafuna magetsi osaphethira ngakhale kamphindi, pakuti kuthima kwa kanthawi kochepa kumaononga ntchito ya masabata ambiri. Pamene Arizona ndi dziko louma, limene mu 2022 linachotseredwa 18 pa 100 ya madzi amene limalandira kuchokera mumtsinje wa Colorado, ndipo amene anayamba kumva kuwawa anali alimi. Makampani akulonjeza kubwezeretsa madzi ambiri m'makina kuti agwiritsidwenso ntchito, koma kugawa madzi pakati pa mlimi, mzinda ndi fakitale ndi mlandu umene kampani singaweruze. Ndi wa boma, ndipo boma limene likuuzengereza likungousungira ana.

Chimene chinapunthwitsa ntchito ku Arizona poyamba sichinali madzi kapena ndalama, koma manja. Mu Julayi 2023 wapampando wa TSMC, Mark Liu, analengeza kuti kuyamba kwa ntchito kuchedwa chifukwa kunalibe amisiri okwanira odziwa kuika makina apamwambawo, ndipo kampani inabweretsa akatswiri kuchokera ku Taiwan, chinthu chimene chinakwiyitsa mabungwe a antchito a m'deralo, amene anati luso lilipo koma kayendetsedwe ka ntchito ndiko kanali kovuta. Makoleji a Maricopa anali atatsegula kale maphunziro a masiku 10 okonzekeretsa munthu kulowa m'fakitale ya tichipi. Maphunziro amenewa ndi khomo labwino kwa munthu amene sanaganizepo kuti angagwire ntchito yotere, koma tisadzinamize: masiku 10 sapanga mmisiri. Wowotcherera mipope yodutsa mpweya wapoizoni, kapena wa magetsi wodziwa kupeza pamene pavuta m'makina a madola mamiliyoni ambiri, amakula pansi pa mmisiri mnzake kwa zaka, ndipo dziko limene linaleka kupanga chinthu kwa mbadwo wathunthu limapeza kuti aphunzitsi ake anakalamba, ena anatsikira kumanda ndi luso lawo. Makina amagulidwa ndi kukwezedwa pa chombo. Luso la m'manja silikwera chombo mosavuta chotero. Pachifukwa ichi ndiika maphunziro a amisiri patsogolo pa zonse zimene boma lingachite, chifukwa ndicho chinthu chotenga nthawi yaitali koposa, ndiponso chimene palibe kampani imodzi ingafune kulipira yokha, podziwa kuti amene yamuphunzitsa lero mawa angapite kwa wopikisana nayo.

Palinso anthu ena amene saoneka pa zithunzi za m'nyuzipepala. Mwa makampani opanga zinthu ku America, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse ali ndi antchito osafika 20. Ndi timashopu tosula zitsulo, toumba mapulasitiki, topanga mabawuti ndi tizipangizo timene fakitale yaikulu singayende popanda ito. Kuyambira 1988 boma lalikulu, mogwirizana ndi zigawo, lakhala ndi dongosolo lotchedwa Manufacturing Extension Partnership, lokhala ndi malo m'zigawo zonse, limene limatumiza alangizi kukathandiza eni timashopu timeneti kukonza kagwiridwe ka ntchito, kufikira muyeso umene makampani aakulu amafuna, ndi kupeza ogula. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi mphatso imodzi ya kampani yaikulu, ndipo sizimveka kutali. Koma mliri utavuta, pamene zipatala zinkasowa zophimba kukamwa ndi zovala zodzitetezera, zigawo zimene zinkadziwa kuti m'dera mwawo ndani amasoka, ndani amaumba, ndani angasinthe makina ake m'sabata imodzi, ndizo zinayamba kupuma. Kungodziwa chabe amene amapanga chiyani m'dziko lako ndi chuma, ndipo maboma ambiri anazindikira kuti kaundula woteroyo analibe.

Ife a kuno sitifunikira kuuzidwa ndi alendo tanthauzo la kuduka kwa njira. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wa Malawi ankazungulira mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam, mtengo wa zonse nukwera. Ndipo mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi, ndipo wowotcherera wa ku Ndirande anaima ntchito pamodzi ndi fakitale ya ku Kanengo. Chuma chathu ndi cha America n'zotalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo, koma zimene zimaimitsa makina n'zomwezo kuno ndi uko.

Ngakhale boma litachita zonse mwadongosolo, silingalamule msika. Mu Januwale 2022 kampani ya Intel inalengeza kuti idzamanga mafakitale awiri a madola 20 biliyoni pafupi ndi mzinda wa Columbus ku Ohio, chigawo chinalonjeza thandizo la madola pafupifupi 2 biliyoni, mbali yaikulu ya misewu ndi madzi, ndipo makoleji anayamba kuphunzitsa achinyamata poyembekeza kuti ntchito iyamba mu 2025. Koma malonda a Intel atavuta, kampaniyo inalengeza mu Febuluwale 2025 kuti fakitale yoyamba siitha kumangidwa chisanafike chaka cha 2030. Ku New York, kampani ya Micron inalonjeza mu Okutobala 2022 kuika mpaka madola 100 biliyoni pafupi ndi Syracuse m'zaka 20, ndipo chigawo chinamanga thandizo lake ku ntchito zenizeni ndi ndalama zoikidwadi, monga amene anamva za ku Wisconsin. Koma nakonso kuunika za chilengedwe ndi zilolezo kunatenga zaka dothi lisanakumbidwe. Apa pali kulimbana kwenikweni, ndipo sindifuna kukupeputsa: malamulo oteteza madambo ndi mitsinje sanalembedwe ndi zitsiru, komanso chilolezo chochedwa zaka zitatu chimathamangitsa amene ukumuitana. Ntchito ya boma ndi kufupikitsa nthawi yodikira polemba anthu okwanira ounika ndi kukonzeratu malo fakitale isanadze, osati kutsinzina pa zimene ziyenera kuunikidwa.

Ku Arizona tichipi toyamba tinayamba kutuluka kumapeto a 2024, ndipo kampani inati ubwino wake sukusiyana ndi wa topangidwa ku Taiwan. Koma kachipi kakatuluka m'fakitale sikanathe: kayenera kudulidwa, kuyesedwa, ndi kukutidwa m'chikuto chake cholumikizira ku makina ena, ndipo ntchito imeneyi pafupifupi yonse imachitikira ku Asia. Motero tichipi tambiri ta ku Phoenix tinkakwera ndege kuwoloka nyanja ya Pacific kupita ku Taiwan kukamalizidwa, tisanabwerere kwa ogula. Kampani ya Amkor inalengeza mu Novembala 2023 kuti idzamanga fakitale yokutira tichipi ku Peoria, pafupi ndi Phoenix pomwepo, ndipo mzindawo unayamba nayo ntchito yosakira malo ndi kukonza misewu ndi madzi. Kufikira fakitale imeneyo itatsegula zitseko zake, mphete iyi ya unyolo ikadali kutsidya kwa nyanja.